PHUNZIRO LA UMOYO WA M'BANJA: DOKOTALA WA MATENDA A M'KATI MWA THUPI

Amai, mwezi ndi mwezi mumakwera ndi kutsika mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mwana ali kumbuyo, kuti mudzamuyezetse pa sikelo. Mukuchita bwino kwambiri. Koma mwana sangakule bwino ngati mai wake, bambo wake kapena agogo amene amamulera akudwala. M'phunziro lino tikamba za dokotala amene amaona matenda a anthu akuluakulu: maphunziro ake, ntchito yake, kumene amapezeka, ndi m'mene mungamusiyanitsire ndi anthu onyenga.

SI ONSE OVALA ZOYERA AMENE ALI OFANANA

Kumudzi timatcha "adokotala" aliyense wogwira ntchito m'chipatala. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma n'kofunika kudziŵa kuti maphunziro awo ndi osiyana.

Pa chipatala chaching'ono, monga cha Malomo kapena cha Khuwi ku Ntchisi, kaŵirikaŵiri mumapeza medical assistant, amene anaphunzira zaka 2, pamodzi ndi anamwino ndi azamba. Pa chipatala cha boma cha Dowa, cha Ntchisi ndi cha Mponela mumapezanso clinical officer, amene anaphunzira zaka 3 ndi kugwira ntchito chaka chimodzi moyang'aniridwa. Anthu ameneŵa ndiwo msana wa zipatala zathu, ndipo matenda ochuluka amathera m'manja mwawo.

Pamwamba pawo pali dokotala wa digiri yotchedwa MBBS. Ameneyu amaphunzira zaka 5 atatha chaka chokonzekera, ndipo pambuyo pake amagwira ntchito miyezi 18 pansi pa madokotala aakulu asanaloledwe kuima payekha.

Mwa madokotala ameneŵa, ena amabwereranso ku sukulu kukazama pa mbali imodzi ya ntchito. Wina amasankha matenda a ana, wina za uchembere, wina za opaleshoni. Amene wasankha matenda a m'kati mwa thupi la munthu wamkulu amaphunzira zaka zina 4 kuti alandire digiri ya MMed, ndipo pa Chingerezi amamutcha physician. Mukaŵerenga zaka zonse kuchokera pamene anatsiriza Folomu 4, mupeza kuti zapitirira 10.

AMAPHUNZIRA KUTI?

Kale mwana wa m'dziko muno wofuna udokotala ankayenera kuwoloka nyanja. Dr Daniel Sharpe Malekebu anatsiriza maphunziro ake pa Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937. Sukulu yathuyathu ya madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo ziŵirizi zinakhala yunivesite imodzi, Kamuzu University of Health Sciences. Ofuna ukatswiri wa matenda a m'kati mwa thupi amaphunzira akusamala odwala m'zipatala zazikulu, makamaka pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ena anaphunzira ku maiko akunja, koma nawonso ayenera kuvomerezedwa kuno kwathu asanayambe kugwira odwala.

NTCHITO YAKE NDI YOTANI?

Dokotala ameneyu sachita opaleshoni. Zida zake ndi makutu, maso, manja ndi nzeru. Amamvetsera mbiri ya matenda, amapima thupi, amaŵerenga zotsatira za magazi, mkodzo, makhololo ndi zithunzi za X-ray, kenaka amasankha mankhwala oyenera ndi muyeso wake. Matenda amene amaona ndi monga aŵa:

1. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.
2. Matenda a shuga.
3. Matenda a impso ndi a chiŵindi.
4. Mphumu, chibayo ndi chifuwa chachikulu chovuta kuchiza.
5. Matenda aakulu obwera chifukwa cha HIV.
6. Kufa kwa ziŵalo mbali imodzi ya thupi, kumene ambiri amati sitiroko.

Luso lake limaoneka kwambiri pamene munthu mmodzi ali ndi matenda angapo nthaŵi imodzi. Mwachitsanzo, agogo amene ali ndi shuga, magazi akuthamanga, ndipo impso zayamba kufooka, sangamwe mankhwala aliwonse, pakuti mankhwala ena othandiza mbali imodzi amaononga mbali ina. Pamenepo pafunika munthu woona thupi lonse pamodzi.

Dziŵani kuti mwana wanu wa pa sikelo akadwala kwambiri amaonedwa ndi dokotala wa ana. Dokotala wa matenda a m'kati ndi wa inu akuluakulu.

AMAPEZEKA KUTI?

Akatswiri ameneŵa alipo ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri amagwira ntchito m'zipatala zazikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Kwa ife a Dowa ndi Ntchisi, chipatala chathu chachikulu ndi Kamuzu Central Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 1977. Kumeneko kuli chigawo cha matenda a m'kati mwa thupi, ndiponso makina osefa magazi a anthu amene impso zawo zaleka kugwira ntchito.

Njira yofikira kwa katswiri ili ngati makwerero, sumayamba ndi pamwamba. Yambani pa chipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwanu. Matenda akawakulira, adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi. Kumenekonso akaona kuti pafunika katswiri, adzakulemberani kalata yopita nayo ku Lilongwe. Zipatala za mishoni, monga cha Madisi ndi cha Mtengowanthenga, nazonso zimatumiza odwala m'njira yomweyi.

Kalata imeneyi musaipeputse. Imauza katswiri zimene anzake apeza kale ndi mankhwala amene mwamwa, kotero kuti sayambanso pachiyambi. Buku lanu la kuchipatala nalonso likhale m'thumba, monga m'mene mumasungira khadi la mwana la sikelo. Katswiri akakuonani, kaŵirikaŵiri amakubwezani kwanu ndi malangizo olembedwa, kuti muzilandira mankhwala pa chipatala cha pafupi. Kubwezedwa kotero sikutanthauza kuti akutayani ai. Akufuna kuti ndalama za ulendo zitsale pakhomo.

MUNGADZIŴE BWANJI DOKOTALA WENIWENI?

Mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lokhudza madokotala, ndipo lamulo limeneli linabala bungwe la Medical Council of Malawi, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli limasunga kaundula wa madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant onse, limalemba padera maina a akatswiri, ndipo limapereka chilolezo chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Limayenderanso zipatala za anthu wamba, ndi kumva madandaulo a odwala. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi.

Choncho dokotala weniweni ali ndi zinthu zitatu: sukulu yodziŵika imene anaphunzirako, dzina lake m'kaundula, ndi chipatala chodziŵika chimene amagwirako ntchito. Mukaloŵa m'chipatala cholipira, muli ndi ufulu wofunsa kuti muone chiphaso chake. Wophunzira moona sakwiya ndi funso lotere. Makolo athu anati safunsa anadya phula.

Chenjerani ndi munthu wa makhalidwe aŵa:

1. Woyenda ndi chikwama cha mankhwala pa tsiku la msika kapena khomo ndi khomo.
2. Wobaya jakisoni pa matenda aliwonse, osapima wodwala.
3. Wolonjeza kuti athetsa shuga, kuthamanga kwa magazi kapena HIV kotheratu.
4. Wokuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala.
5. Wokana kulemba m'buku lanu dzina la mankhwala amene wakupatsani.

Singano yosaphera tizilombo imatupitsa chithupsa, ndipo ikagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo imafalitsa HIV ndi matenda a chiŵindi. Jakisoni wobayidwa pamalo olakwika pa thako la mwana angathe kuvulaza mtsempha ndi kulumaza mwendo. Pamwamba pa izi, ndalama za fodya, soya kapena mtedza, zimene banja lavutikira chaka chonse, zimatha matenda ali pomwepo.

ZIZINDIKIRO ZOSAYENERA KUZENGEREZA

Pitani ku chipatala, kapena perekezani m'bale wanu, mukaona izi:

1. Kutsokomola kwa masabata 2 kapena kuposa, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda.
2. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kufooka.
3. Kutupa mapazi kapena nkhope, ndi kubanika pokwera mtunda umene kale munkakwera bwinobwino.
4. Mutu woŵaŵa kaŵirikaŵiri ndi kusaona bwino.
5. Maso achikasu.
6. Kupotoka kwa pakamwa, kulephera kulankhula kapena kufooka kwa mkono ndi mwendo mbali imodzi. Apa musadikire kuti kuche. Nyamukani nthaŵi yomweyo.

Kuthamanga kwa magazi nthaŵi zambiri sikupweteka. Kumadziŵika pokhapokha akakuyezani pa mkono, ndipo muyeso ukamafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyana, pafunika chithandizo. Mai amene magazi ake anathamanga ali woyembekezera ayenera kuyezetsabe ngakhale atachira, chifukwa matendaŵa angathe kubwereranso m'tsogolo. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. A shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, kwa anthu ambiri, ndi a moyo wonse, ndipo sasiyidwa chifukwa choti thupi lapepuka.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi dokotala wa matenda a m'kati mwa thupi amasiyana bwanji ndi dokotala wa ana?
2. Tchulani zinthu zitatu zosonyeza dokotala weniweni.
3. N'chifukwa chiyani kalata yotumizira wodwala ili yofunika?
4. Mungamuyankhe chiyani munthu wofuna kubaya jakisoni mwana wanu pa msika?

KUMBUKIRANI

Mwezi wa maŵa pobwera ndi mwana ku sikelo, tengani mabuku aŵiri, la mwana ndi lanu. Mwana akatha kuyezedwa, pemphani anamwino kuti akuyezeni inunso kuthamanga kwa magazi. Ngati pali chimene simunamvetse m'phunziro lino, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.