MWANA WOLUMALA NAYE APITE KU SUKULU YA MKOMBAPHALA

M'midzi yozungulira Songani, m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, ana a zaka zitatu kufikira zisanu amasonkhana m'mawa m'sukulu za mkombaphala. Kumeneko amaimba, kusewera ndi kumwa phala moyang'aniridwa ndi alezi. Koma mwana wosamva, wosaona, wakhunyu, wachialubino kapena wovutika kuyenda kawirikawiri amatsala pakhomo.

Zimene boma lidakhazikitsa

M'chaka cha 1994 maiko adagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, kuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzao. Boma la Malawi lidakhazikitsa mfundo za maleredwe a ana aang'ono mu 2003, ndipo mu 2009 lidavomereza pangano la United Nations loteteza anthu olumala. Lamulo la 2012, limene lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, lidaletsa kum'kaniza munthu maphunziro chifukwa cha kulumala.

Maganizo a alezi

Alezi ambiri ndi anthu ongodzipereka a m'mudzi momwemo. Iwo savutika kuvomereza kuti mwana wolumala amakula bwino akakhala pakati pa anzake, pakuti mwana amaphunzira kulankhula ndi kudya yekha poonera ena. Komabe ali ndi madandaulo atatu. Loyamba, maphunziro amene amalandira ndi afupi, ndipo ena sadaphunzitsidwe konse. Lachiwiri, ana amachuluka, kotero mlezi akamatangata mmodzi ena amabalalika. Lachitatu, makolo ena amabisa mwana m'nyumba chifukwa cha manyazi, kapena amachotsa wao poopa kuti angatengere matenda.

Zoyenera kudziwa

1. Khunyu sapatsirana, ngakhale kudzera m'malovu. Mwana akagwa, amuchotse pafupi ndi moto wophikira phala, amugoneke cham'mbali, ndipo asamuike chilichonse m'kamwa. Mankhwala ake alipo kuchipatala.

2. Mwana wachialubino avale chipewa ndi zovala za manja aatali, azisewera pamthunzi ndiponso azikhala kutsogolo, popeza maso ake saona bwino patali.

3. Mafinya otuluka m'khutu akalekereredwa amagonthetsa. Mlezi polankhula ndi mwana wosamva bwino amuyang'ane kumaso.

4. Mapazi opindika chibadwire amaongoka ndi pulasitala ngati chithandizo chayamba m'masabata oyamba. Chipatala chachikulu cha Zomba ndi cha Beit CURE ku Blantyre zimathandiza ana otere.

5. Chimbudzi chikhale pafupi, cha khomo lotakata, chovundikira, ndi madzi osamba m'manja. Mwana wokwawa amagwira pansi ndi manja, choncho chimbudzi chauve chimam'patsa njoka zam'mimba ndi kutsegula m'mimba.

Udindo wa makolo

Kulumala kwina kumapeweka. Katemera amateteza poliyo ndi chikuku, ndipo malungo a muubongo amachepa mwana akamagona m'neti ndi kulandira mankhwala msanga. Mayi akaona kuti mwana akuchedwa kukhala, kuyenda kapena kulankhula, anene kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo. Pokamusiya ku sukulu, amufotokozere mlezi za mankhwala ake ndi zimene amatha kuchita yekha. Mafumu ndi makomiti a sukuluzi ayendere mabanja amene ana ao sakuoneka.

Kuongola mtengo ndi pamene uli waung'ono. Mwana wobisidwa m'nyumba amadzafika pa Sitandade 1 asanazolowere anthu, ndipo ambiri otere amalekera panjira.