Swaumu kwa Wodwala Impso ndi kwa Woikidwa Impso Yatsopano

Abale ndi alongo m'Chisilamu, phunziro lino likukhudza inu amene impso zanu zinafooka, inu amene mumapita kukasefetsa magazi pa makina ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, ndiponso inu amene munapita ku India kapena ku South Africa nkukaikidwa impso ya m'bale wanu. Funso lanu limakhala limodzi chaka chilichonse: kodi ndimange kapena ndisamange?

Yambani mwatsegula Surat Baqara, ndime 184 ndi 185. Pomwe Allah (S.W.T.) analamula Swaumu, pomweponso anapereka chilolezo kwa wodwala ndi kwa wapaulendo. Matenda tsono ali mitundu iwiri. Alipo amene munthu akuyembekeza kuchira. Ameneyo amasule, nkudzabweza masikuwo akapeza bwino. Alipo ena amgonagona, amene madokotala anena kuti sadzatha. Mwini wake sabweza, koma apereke Fidiya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene sanamange. M'mazihabu a Imam Shafi muyezo wake ndi mudu imodzi ya chakudya chimene anthu a kuderalo amadya, ndiko kuti manja awiri odzaza, kupitirira pang'ono theka la kilogalamu ya chimanga kapena mpunga. Swahaba Anas bin Malik (R.A.), amene anatumikira Mtumiki zaka 10, atakalamba ankadyetsa osauka m'malo momanga. Ndani mwa ife angati amaopa Mulungu kuposa iye?

Ena amakayika ngati kuikidwa impso ya munthu wina nkololedwa komwe. Dziwani kuti m'chaka cha 1988 bwalo la Fiqh la maiko a Chisilamu linakumana ku Jeddah ndipo linalola kuika chiwalo cha munthu wina m'thupi la wodwala potsatira malamulo ena, koma linakaniza kugulitsa ziwalo. Choncho mtima wanu ukhale m'malo. Koma zindikirani kuti impso imeneyo ndi Amana. M'bale wanu anagona pa tebulo la opaleshoni, nang'ambidwa kuti inu mukhale moyo. Simungaitenge ngati yanuyanu yoti muyesere nayo mphamvu.

Apa ndi pamene pali nkhani. Thupi limaona impso yachilendo ngati mdani, ndipo limafuna kuikana. Nchifukwa chake mumamwa mankhwala monga tacrolimus kapena ciclosporin moyo wanu wonse, ndipo ambiri amamwa kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12. Kwathu kuno Swaumu imatenga maola 13 kapena 14 kuchokera Fajir kufika Maghrib. Mwaona kuti mawerengedwe sakugwirizana? Wina amangoganiza yekha kuti, basi ndizimwa pa daku ndi pofuturu. Ayi ndithu! Kusuntha nthawi ya mankhwala amenewa ndi ntchito ya dokotala amene amayeza magazi anu, osati yanu, osatinso ya Shehe. Mankhwala akachepa m'magazi thupi liyamba kukana impso mwakachetechete, inu osamva kupweteka kulikonse; akachuluka, omwewo amaiononga. Kuonjeza apo, impso imodzi yongoikidwa kumene siipirira ludzu. Pa chifukwa chimenechi madokotala amalangiza kuti chaka choyamba chitachitika opaleshoni musamange konse. Chaka chikapita, impso ikugwira bwino, ena amaloledwa. Koma pitani kuchipatala mwezi wa Shabani usanathe, akakuyezeni, ndipo akayezenso mkati mwa Ramadhani.

Inu a pa makina, Maulama ambiri amaona kuti kusefetsa magazi kumamasula Swaumu, pakuti m'magazimo mumalowa madzi ndi shuga. Ndipo ambiri a inu muli m'gulu la Fidiya, osati lobweza.

Kudzikakamiza si kuopa Mulungu. M'buku la Abu Dawud muli nkhani ya munthu amene anavulala m'mutu ali paulendo, nafunika kusamba janaba. Anzake anamuuza kuti alibe chilolezo cha Tayammum. Anasamba, namwalira. Mtumiki (S.A.W.) atamva anakwiya kwambiri, nawaimba mlandu wa imfayo chifukwa choyankha chinthu chimene sachidziwa m'malo mofunsa. Mau amenewa alowe m'makutu a apabanja ndi anzathu a pamzikiti amene amanong'ona akaona wamkulu akumwa madzi masana. Simudziwa chimene chili pansi pa kanzu yake.

Tsono amene mwaloledwa kumanga, samalani mbale ya madzulo. Tende, nthochi, mapeyala ndi futali wa mbatata wotendera ndi zakudya zabwino, koma zili ndi potassium wambiri, ndipo impso zofooka zimalephera kumutulutsa; akaunjikana amasokoneza kagundidwe ka mtima. Ndikudziwa kuti kumasula ndi tende ndi Sunna, koma kumasula ndi madzi ndi Sunnanso. Chepetsani mchere ndi nsomba zouma zamchere. Omwa tacrolimus kapena ciclosporin asadye manyumwa. Mutu ukapweteka musathamangire Brufen kapena diclofenac wa pagolosale, ndipo zitsamba za pamsika zitalikireni. Za muyezo wa madzi funsani dokotala, pakuti woikidwa impso amauzidwa kumwa ambiri pamene wa pa makina amawerengeredwa. Daku musamudumphe.

Mukaona chizungulire, kusanza, kutsegula m'mimba, kutentha thupi, kutupa miyendo kapena mkodzo kuchepa, masulani nthawi yomweyo, ngakhale dzuwa litapendeka kale, ndipo thamangirani kuchipatala. Tsikulo mudzaliwerengera pambuyo.

Amene simumanga, Ramadhani sinakutsekereni kunja. Qur'an ilipo, Zikiri ilipo, Sadaka ilipo, Taraweh mungathe kuswali mutakhala pansi. Koma inu ongoikidwa kumene impso, chitetezo cha thupi lanu nchotsika chifukwa cha mankhwala aja, tsono miyezi yoyambirira swalirani kunyumba, kupewa chifuwa ndi chimfine cha m'khamu.