Vinyo wa zitsamba wa ku Italy: chakumwa kapena mankhwala?

Alimi anzanga, sabata ino tiyambe tasiya za feteleza ndi nankafumbwe, tipiteko ku Italy. Ndikufuna tione m'mene anzathu olima mphesa anasiyanitsira chakumwa ndi mankhwala, poti nkhani yomweyo yatipeza kuno kwathu.

Kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo kuli chigawo cha Piedmont, dera la zitunda zambiri. Mphesa yotchuka kumeneko ndi Nebbiolo, imene imachedwa kupsa mpaka mu Okutobala, choncho amaibzala mbali ya chitunda yowomba dzuwa kwambiri. Vinyo wake wotchedwa Barolo saloledwa kugulitsidwa asanathe miyezi 38, ndipo 18 mwa miyeziyi amakhala ali m'migolo ya matabwa. Ife ozolowera masese opsa m'masiku ochepa tingati n'kutaya nthawi, koma mtengo wake ndiye umayankha.

Zitsamba zikulowa bwanji? Akale a ku Ulaya ankaviika masamba, mizu ndi makungwa mu vinyo n'kumamwa ngati mankhwala a m'mimba. Nzeru inalipo: mowa umakoka mphamvu zina za m'chomera zimene madzi amalephera, komanso zoviikazo siziwonongeka msanga. M'chaka cha 1786, Antonio Benedetto Carpano wa mu mzinda wa Turin anayamba kugulitsa vinyo wotere, amene lero amatchedwa vermouth. Dzinali likuchokera ku Wermut, mawu a Chijeremani otanthauza chitsamba chowawa kwambiri chimene akatswiri amati Artemisia absinthium. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, wogulitsa mankhwala wa ku Serralunga d'Alba, Giuseppe Cappellano, anatchuka ndi Barolo Chinato, vinyo woviikamo makungwa a mtengo wa cinchona. Mtengowu kwawo ndi ku mapiri a Andes, ndipo ndi umene umatipatsa kwinini.

Koma lero dokotala wa ku Turin sangalembere wodwala malungo botolo la vinyo. Vermouth amamwa asanadye, Chinato akatha kudya, basi. Chifukwa chake ndi muyeso. Makungwa a mtengo uwu sakhala ndi kwinini wofanana ndi a mtengo uwo, ndiye womwa sadziwa ngati wamwa wokwanira kapena wopitirira. Pamene Pelletier ndi Caventou anapatula kwinini weniweni m'makungwa ku Paris mu 1820, m'pamene madokotala anayamba kupereka mlingo wodziwika.

Tsopano tibwere kumudzi. Chitsamba chowawa chija chili ndi mbale wake wa ku China, Artemisia annua. Mu 1972 mayi Tu Youyou ndi anzawo anapezamo artemisinin, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2015. LA amene zipatala zathu zinayamba kupereka mu 2007 m'malo mwa Fansidar amapangidwa kuchokera ku artemisinin ameneyu. Poona izi, ena ayamba kubzala chitsambachi kuseri kwa nyumba n'kumawiritsa masamba ngati tiyi wa malungo. Ineyo ndinapezapo mayi wina akumwetsa tiyi wotere mwana wotentha thupi kwa masiku atatu, chipatala chili pafupi. Ndinachita kuwanyengerera kuti akayezetse magazi.

Monga wa zaulimi, vuto ndikuliona m'munda momwemo. Artemisinin m'masamba ouma ndi wochepa, kawirikawiri safika n'komwe magawo 2 pa 100, ndipo amasintha malinga ndi mtundu wa mbewu, nthaka, nthawi yokolola ndi kasungidwe. Kuonjezera apo sasungunuka bwino m'madzi. Tiyi angathe kutsitsa kutentha kwa thupi koma tizilombo tina titatsala m'magazi, ndipo totsalato n'timene timazolowera mankhwala. Fansidar tinamuona m'mene anathera mphamvu. N'chifukwa chake mu LA muli mankhwala awiri, wina wopha msanga, wina wotsiriza zotsala, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linanenetsa kuti silivomereza tiyi wa Artemisia pochiza kapena kupewa malungo.

Sindikuti muzule chitsambacho. Ndi mbewu yogulitsa kwa opanga mankhwala, ngati mwapeza wogula musanafese. Koma mwana akatentha thupi, pitani naye akayezedwe tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amalize kumwa kasanu ndi kamodzi konse m'masiku atatu, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri.