Chikwangwani cha pa Terminal: Konzani Prompt Yanu Isanakusocheretseni

Kapepala aka talembera aphunzitsi a Computer Studies, oyang'anira malabu a makompyuta m'masukulu ndi m'makoleji, komanso achinyamata amene amakonzera anthu makompyuta muno mu Chipata mpaka ku Katete, Chadiza ndi Lundazi. Ambiri mwa inu munazolowera Windows. Koma kompyuta yakale ikayamba kulemedwa, ena mumaiikira Ubuntu, Lubuntu kapena Linux Mint, ndipo ena muli ndi tikompyuta ta Raspberry Pi. Mukatero, Terminal simungaizembe.

Chidachi n'chiyani?

Pa Ubuntu ndi Linux Mint dinani Ctrl, Alt ndi T pamodzi. Patseguka windo lopanda zithunzi, lokhala ndi kamzere kotere:

`mphunzitsi@labu-07:~$`

Kamzereka ndiko prompt. Pulogalamu imene yakalemba, yomwenso imamvera malamulo amene mukutayipa, imatchedwa shell, ndipo pa Linux kawirikawiri imakhala bash. Bash anailemba Brian Fox, ndipo inatuluka mu 1989 kuti ilowe m'malo mwa shell ya Stephen Bourne ya mu 1979. Ndi chida chakale, koma chikugwirabe ntchito.

Kamzereka kakukuuzani zinthu zinayi: dzina limene mwalowera, dzina la kompyuta, foda imene mulimo, ndi mphamvu zimene muli nazo. Chizindikiro cha `~` chikutanthauza foda yanuyanu. Cha `$` chikuti ndinu munthu wamba. Mukaona `#` dziwani kuti ndinu root, mwini mphamvu zonse, ndipo kompyuta ichita chilichonse chimene munganene osakufunsani kawiri.

Bwanji osangoisiya momwe ilili?

Pa siteshoni ya ku Kapata munthu sakwera basi asanaone chikwangwani chake, chifukwa ya ku Lundazi ndi ya ku Mwami zimatha kufanana penti. Prompt ndi chikwangwani chotero, ndipo chimene chimabwera ndi kompyuta chimakhala cha zilembo zing'onozing'ono, chofanana pa makina onse.

Taganizani mphunzitsi amene wakhala pa kompyuta ya mu labu, ndipo walowa ndi `ssh` mu seva ya ku ofesi kumene amasunga mamakisi a Giredi 9. Belu lalira, wapita kukaphunzitsa, wabwerako. M'mutu mwake akuti ali pa kompyuta ya mu labu, ndiye akutayipa `rm` kuti achotse mafayilo amene ana amayeserera. Lamulo la `rm` silidziwa Recycle Bin. Chimene lafufuta chapita, ndipo chapita cha ku ofesi. Seva ija ikadakhala ndi prompt yofiira yolembedwa SEVA, dzanja likadaima lisanafike pa Enter.

Ndiye wina asakunamizeni kuti kukonza prompt ndi zokongoletsa za anyamata ofuna kuoneka akatswiri. Zokongoletsazo zilikodi, koma ife tikunena za chitetezo cha mafayilo anu.

Yambani mwa kuyesa

Maonekedwe a prompt amasungidwa m'dzina lakuti PS1. Tayipani izi, kenaka Enter:

`PS1='Lamulani, bwana> '`

Prompt yasintha nthawi yomweyo. Musaope, simunaononge kanthu. Mukatseka windolo n'kutsegula lina, zonse zibwerera mwakale. Zilembo za PS1 zikhale zazikulu. Komanso musasiye mpata kumbali zonse za `=`, apo ayi bash idandaula kuti lamulolo sikulidziwa.

Prompt yoseketsayi ilibe phindu, chifukwa sikukuuzani kanthu. Yothandiza imamangidwa ndi tizizindikiro timene bash imasinthanitsa ndi zenizeni nthawi iliyonse ikamalemba mzere. Pamene mwaika `\u` pabwera dzina lanu, pa `\h` dzina la kompyuta, pa `\w` njira yonse yofikira foda imene mulimo, pa `\W` dzina la foda yomalizira yokha, ndipo pa `\A` nthawi ya maola 24, monga 14:30. Chizindikiro cha `\$` ndicho chimasintha chokha kukhala `#` mukakhala root. Yesani:

`PS1='\A \u@\h:\W\$ '`

Mupeza mzere wonga `14:30 mphunzitsi@labu-07:giredi9$`. Gwiritsani ntchito tikoma timodzitimodzi monga taonetsera. Mukaika tiwiritiwiri, `\$` ija imasanduka `$` wamba nthawi isanakwane, ndipo tsiku limene mudzakhale root sidzakuchenjezani.

Ine ndimakonda `\w` kuposa `\W`, ngakhale imatalikitsa mzere. Mafoda otchedwa giredi9 angakhale atatu pa kompyuta imodzi, ya chaka chino, ya chaka chatha ndi ya mphunzitsi mnzanu, ndipo dzina lomalizira lokha silikuuzani kuti muli mu iti. Mzere ukatalika kwambiri, ikani `\n` patsogolo pa `\$` kuti malamulo muzitayipa pa mzere wachiwiri.

Mitundu

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, choncho tiyende pang'onopang'ono. Mtundu uliwonse uli ndi nambala: 31 ndi wofiira, 32 wobiriwira, 33 wachikasu, 34 wabuluu, ndipo 0 imazimitsa mtundu. Nambala 41 imafiiritsa kumbuyo kwa zilembo, ndipo 97 imayeretsa zilembozo. Prompt ya pa kompyuta wamba ingakhale iyi:

`PS1='\[\e[32m\]\u@\h\[\e[0m\]:\w\$ '`

Ya pa seva ikhale yoopsa ndithu:

`PS1='\[\e[41;97m\] SEVA \h \[\e[0m\] \w\$ '`

Onetsetsani zinthu ziwiri. Mukaiwala `\e[0m`, mtundu uja utayikira pa chilichonse chimene mutayipe. Chachiwiri n'chobisika: nambala ya mtundu iyenera kutsekeredwa pakati pa `\[` ndi `\]`. Tizizindikiro timeneti timauza bash kuti zimene zili m'katimo sizitenga malo pa sikirini. Mukatisiya, prompt imaoneka bwinobwino poyamba, koma mukatayipa lamulo lalitali zilembo zimayamba kukwerana pa mzere umodzi, ndipo mukadina kamuvi kokwera kuti muone malamulo akale mumapeza zosokonekera. Wina akhoza kuganiza kuti kiyibodi yafa n'kukagula ina, pamene vuto ndi tizizindikiro tiwiri.

Buluu wa 34 musamudalire ngati mumaphunzitsa ndi projekita masana, chifukwa okhala kumbuyo samuona pa sikirini yakuda. Kumbukiraninso kuti pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. N'chifukwa chake pa seva talemba mawu akuti SEVA, osangodalira mtundu.

Kuti isafufutike

Zonse mwayesazi zimatha mukatseka windo kapena magetsi akazima. Kuti zikhazikike, zilembeni mu fayilo ya `.bashrc`, imene bash imawerenga nthawi iliyonse mukatsegula Terminal. Kadontho ka kutsogoloko ndi kamene kamaibisa, choncho musadabwe kuti simunaionepo. Poyamba sungani kope lake:

`cp ~/.bashrc ~/.bashrc.yakale`

Kenaka itseguleni ndi `nano ~/.bashrc`. Pa Ubuntu mupezamo kale mizere ya PS1 chapakati. Isiyeni, inu tsikani mpaka pansi penipeni n'kulemba mzere wanu pamenepo, popeza bash imatsatira womalizira. Sungani ndi Ctrl ndi O, Enter, ndipo tulukani ndi Ctrl ndi X. Mukatayipa `source ~/.bashrc` muona zotsatira osatseka windo. Zikasokonekera, bwezerani ndi `cp ~/.bashrc.yakale ~/.bashrc`. Ngati kopelo munaiwala, Ubuntu imasunga yoyambirira pa `/etc/skel/.bashrc`.

Munthu aliyense ali ndi `.bashrc` yake. Ya root ili pa `/root/.bashrc`, ndipo prompt yofiira ikufunikanso kumeneko. Ya seva muilembe pa seva pomwepo, osati pa kompyuta imene mwakhalapo.

Makina onse akakhala ndi dzina limodzi

Ma Raspberry Pi amabwera ndi dzina lakuti raspberrypi ngati simunasinthe, ndipo makompyuta amene munawaika pokopera hadi disiki imodzi amakhalanso ndi dzina lofanana. Zikatero `\h` sikuthandizani. Patsani iliyonse dzina lake:

`sudo hostnamectl set-hostname labu-07`

Nambala yomweyo muilembe ndi maka pa bokosi la kompyutayo, kuti wophunzira akati "Aphunzitsi, 7 yakana," nonse mudziwe imene akunena.

Amene mulibe Linux

Pa foni ya Android mungayesere zonsezi ndi pulogalamu ya Termux, imene ilinso ndi bash. Ikangolowa m'foni, kuyesa prompt sikudya bandulo. Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kutayipa `prompt $T$S$P$G` kuti muone nthawi ndi foda, ndipo mawu akuti `prompt` paokha amabwezera zakale. Makompyuta a Apple anasamukira ku shell ya zsh mu 2019. Kumeneko fayilo yake ndi `.zshrc`, ndipo dzina la munthu ndi `%n`, la kompyuta `%m`, foda `%~`, choncho mizere ya m'kapepala aka musaikopere momwe ilili.