Njira yopita ku Super League

Funso: Akulu, ndimachemerera Livingstone Pirates pa Maramba Stadium. Kodi timu ya kuno ingakwere bwanji ku Super League? Pamakhala mapuleyofu?

Yankho: Achimwene, mapuleyofu amachitika pansi, pomwe akatswiri a m'zigawo amalimbirana malo mu National Division One, ligi yachiwiri ya mpira ku Zambia. Mukalowa m'menemo, mapointi a nyengo yonse ndiwo amaweruza. Mu 2022 anakwera matimu anayi, pakati pawo FC MUZA ya ku Mazabuka, anansi anu a m'Chigawo cha Kumwera. Chimene chimathyola msana matimu a ku Livingstone ndi mtunda: makilomita oposa 450 kukafika ku Lusaka kokha, Copperbelt ikadali kutsogolo. Anyamata amatsika basi miyendo itauma, mafuta atadya thumba. Ndiye pakwanu musamataye mapointi.