Nyambo ya m'munda: kunamiza kaufiti ndi kapuchi

 Sendezani wailesi pafupi, lero tikambe za nyambo.

Mwana aliyense amene anatcherapo diwa amaidziwa. Amakazinga mtedza, kuusinja pang'ono, n'kuika pansi pa mwala. Mbewa imatsata fungo, mwalawo siuona. Pa Chingerezi pali mawu oti decoy, amene amanena za chinthu chonamizira chokopa nyama. Kale ku Holland ndi ku England alenje ankaweta abakha oti azitsogolera abakha akutchire kulowa mu ukonde. Nzeru yomweyo imagwira ntchito m'munda mwathu, ndipo sifuna ndalama zambiri.

Ndiyambe ndi kaufiti, chifukwa ndi amene amandipweteka mtima kwambiri. Mwalima, mwapalira, mwathira feteleza wa ngongole, koma chimanga changoima m'mawondo, masamba opiringizika ngati kuli ng'amba pamene mvula ikugwa. Timaluwa tofiira tija tikamaoneka pamwamba, dziwani kuti pansi wayamwa kale kwa milungu ingapo. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, tsinde limodzi limabala zikwizikwi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo. Sizimera chifukwa cha mvula yokha ayi. Zimadikira timadzi timene mizu ya chimanga kapena mapira imatulutsa, zikatimva m'pamene zimadzuka n'kukakamira muzuwo.

Apa ndi pomwe timamugwirira. Mizu ya soya, mtedza, thonje ndi mpendadzuwa imatulutsa timadzi tofanana ndi tomweto. Njere ya kaufiti imanyengeka, imamera, ikufunafuna muzu woti iyamwe, siupeza, ndipo pakapita masiku owerengeka imafa. Ndiye munda umene kaufiti wafiira, chaka chino musabwezeremo chimanga. Dzalanimo soya kapena mtedza, mothithikana bwino. Ndinene mosabisa, chaka chimodzi sichimaliza nkhokwe ya njere imene yadzaza kwa zaka zambiri. Pamafunika kasinthasintha wa mbewu wa nyengo zingapo, manyowa, komanso kuzula kaufiti asanachite maluwa n'kukamutentha kunja kwa munda. Chenjezo limodzi: pali kaufiti wina wa maluwa achikasu amene amayamwa khobwe, soya ndi mtedza. Mukamuona ameneyo, nyambo yanu ikhale thonje kapena mpendadzuwa.

Tsopano kapuchi, mbozi yoboola phesi ija. Gulugufe wake amakonda kuikira mazira pa nsenjere kuposa pa chimanga. Akatswiri a bungwe la ICIPE ku Kenya, motsogoleredwa ndi Zeyaur Khan, anagwiritsa ntchito chikondi chimenechi m'zaka za m'ma 1990. Mumazinga munda ndi mizere itatu ya nsenjere, motalikirana ndi chimanga ngati mita imodzi. Timbozi tikaswa n'kuyamba kuboola, nsenjere imatulutsa utomoni womata, ndipo tambiri timafera pomwepo. Pakati pa mizere ya chimanga amadzala desmodium, chomera choyanga cha gulu la nyemba, chimene fungo lake limathamangitsa gulugufe, pamene mizu yake imalepheretsa kaufiti. Nsenjere idzaleni msanga kuti ikhale itaphuka chimanga chisanakule. Ikatalika mwetani mupatse ng'ombe ndi mbuzi.

Mukukumbukira kumapeto kwa chaka cha 2016, pamene ntchemberezandonda zachilendo zija zinalowa m'Zambia muno? Kuyambira nthawi imeneyo mwaonapo tizidebe topachika pamtengo m'minda ina. M'katimo muli kamphira kokhala ndi fungo la gulugufe wamkazi, ndipo amuna amalowamo n'kukodwa. Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ambiri amalakwitsa. Kachidebe kaja si mlonda wa munda wanu. Akazi oikira mazira samalowamo. Ntchito yake ndi kukuuzani kuti mdani wafika. Mukaona agulugufe akuchuluka m'menemo, lowani m'munda m'mamawa, muyende mokhotakhota, musuzumire m'nsonga mwa chimanga. Mukapeza mazira owunjikana pa tsamba afinyeni ndi chala, ndipo mukaona masamba okhala ndi timawindo kapena ndowe zonga utuchi, thamangani kwa alangizi a zaulimi a pa kampu yanu mbozi zikadali zazing'ono.

Za mbewu ya desmodium ndi timitengo ta nsenjere todzala, funsani alangizi omwewo. Iwo amalumikizana ndi anzathu a kafukufuku ku Msekera, ku Chipata. Sabata ino yendani m'munda mwanu, muzike chikhomo paliponse pamene kaufiti anafiira chaka chatha, kuti mvula ikagwa mudziwe poyambira soya.