MABULOSI A PEPALA: Kuuzindikira Mtengowu Usanaokedwe

Munthu wa kumudzi akapita ku Lusaka kukaceza kwa mwana wace, kawiri-kawiri sabwerera cimanjamanja. Pamodzi ndi sopo ndi mcere, m'thumba mwace mumakhala kanthambi kokulunga m'nsanza yonyowa, kamene anapempha pa nyumba ina ku Woodlands kapena ku Kabulonga, kapena kambande kamene anagula kwa ogulitsa mitengo m'mbali mwa mseu. Cizolowezi cimeneci ncabwino, pakuti zipatso zambiri zafika m'midzi mwa njira yomweyi. Koma mbande siinena dzina lace, ndipo ulipo mtengo wina wofanana ndi mabulosi umene wasautsa maiko amene anaulandira osaufunsa mbiri yace.

Mabulosi enieni, amene anthu ambiri a m'Zambia awacha malubeni, palibe mwana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone amene sawadziwa. Amapsa m'miyezi ya September ndi October, dzuwa litakula, ndipo milomo ndi malaya a ana zimacitira umboni. Mbale wace wa mtengo umenewu Angerezi amucha paper mulberry, ndiko kunena mabulosi a pepala. M'mabuku a akatswiri a zomera dzina lace ndi Broussonetia papyrifera, cikumbutso ca Pierre Broussonet wa ku France. Kwao kwa mtengowu ndi kum'mawa kwa Asia, ku China, ku Taiwan ndi maiko oyandikana nao. Mitengo iwiriyi iri ya banja limodzi ndi mkuyu ndi kacere.

Usananenedwe mlandu wace, kuyenera kuti ulemu wace uchulidwe, pakuti ngwaukuru. Khungwa lace la m'kati liri ndi luzi lalitali, loyera ndi lolimba. Mbiri ya ku China inena kuti m'caka ca 105 nduna ina ya mfumu, dzina lace Cai Lun, inaonetsa kapangidwe ka pepala ndi makungwa a mitengo, nsanza ndi maukonde akutha. Ndipo m'zaka zotsatira khungwa la mtengo uno linakhala limodzi la zipangizo zazikuru za nchitoyo. Ku Japan mpaka lero alipo amisiri amene amadula nthambi zace m'nyengo yacisanu, nazifukiza pa nthunzi, nasenda khungwa, nalisasantha kufikira lisanduka phala loyenera pepala. Anthu amene anaoloka nyanja ya Pacific m'mabwato kalekale anatenga mphukira zace paulendo, naziwoka pa zisumbu za Fiji, Tonga, Samoa ndi Hawaii, kuti apeze cobvala.

Pamenepa nkhalamba za kwa Acewa, Ansenga ndi Angoni sizidzadabwa konse. Nsaru za m'sitolo zisanacuruke, makolo ao anali kusenda mombo, nanyika khungwalo, nalisasantha ndi nyundo ya mtengo pa cipika kufikira litambasuka ndi kufewa. Imeneyo ndiyo nyanda, kapena ciwondo. Nsaru ya ku zisumbu zija, imene dziko lonse liidziwa ndi dzina lakuti tapa, ipangidwa momwemo. Anthu a ku Buganda nawonso asunga luso lomweli ndi mtengo wao wa mutuba, umene uli mtundu wa kacere. Anthu otalikirana cotere, osaonana nkamodzi komwe, anapeza nzeru imodzi m'khungwa la mtengo.

Kuusiyanitsa ndi mabulosi enieni

Zizindikiro ziwiri zimene anthu athamangira kuzikhulupirira nzonyenga. Coyamba ndi utomoni: mitengo yonse iwiri ikathyoledwa tsamba ituruka madzi oyera ngati mkaka. Caciwiri ndi maumbidwe a tsamba: pa mtengo umodzi womwewo tsamba lina likhala lathunthu ngati mtima, lina long'ambika pawiri, lina patatu kapena pasanu, makamaka pa mphukira zazing'ono, ndipo mabulosi enieni acitanso cimodzimodzi.

Umboni woona uli m'zala. Tsamba la mabulosi a pepala liri lokakala pamwamba ngati lilime la ng'ombe, losawala. Koma kunsi kwace liri lotuwa, lodzala ndi ubweya wofewa wonga wa mwana wa kalulu. Nthambi zanthete ndi timapesi ta masamba nazonso nzaubweya. Tsamba la mabulosi wamba liri lobiriwira mowala, ndipo ngakhale lina likakala pang'ono, liribe cofunda caubweya cotere. Wopenyetsa adzaonanso kuti pa mabulosi enieni masamba amera limodzi-limodzi mosinthana mbali, pamene pa mtengo winawu nthawi zina amera awiri openyana pa mfundo imodzi.

Mtengo ukakula, maluwa ndi zipatso zithetsa makani onse. Mabulosi a pepala ali ndi mtengo wamphongo pa wokha ndi waukazi pa wokha. Wamphongo ubala ngala zazitali ngati cala, zolendewera, zimene zimwaza mungu m'mphepo ngati utsi. Waukazi ubala timipira taubweya, ndipo tikapsa tituruka timinofu tofiira monga lalanje lakupsa, totuzuka mbali zonse. Cipatsoco cidyeka, ncozuna, koma cifewa msanga, ndipo sicingafike pa msika. Kukula kwace nkofulumira kodabwitsa. Pa dothi labwino ufika mamita 15 kapena kuposa, koma mizu yace iyenda pamwamba, ndipo mphepo ya mkuntho iugwetsa mosabvuta.

Cimene cinaoneka kwina

Lusaka anakhala likuru la dziko m'caka ca 1935, m'malo mwa Livingstone. Amene anaulinganiza mzindawu anafuna kuti ukhale wa minda ndi mithunzi, cifukwa cace anadzaza miseu ndi mitengo yocokera kutali, monga jakaranda wa ku South America, amene maluwa ace agwa ngati mphasa m'mwezi wa October. Dziko la Pakistan linali ndi cifuniro comweco pomanga likuru lace latsopano, Islamabad, m'zaka za m'ma 1960. Iwo pofuna mthunzi wamsanga anafesa mabulosi a pepala. Mthunzi anaupezadi, koma mtengowo unalanda zigwa ndi magombe a timitsinje, nupitikitsa mitengo ya m'dzikomo. Coposa apo, caka ndi caka m'miyezi ya March ndi April mungu wace udzaza mlengalenga, ndipo anthu ambirimbiri adwala cimfine, maso oyabwa ndi mphumu, ena mpaka kugonekedwa m'cipatala. Akuru a mzindawo aononga cuma cambiri pogwetsa mitengo imene anzao oyamba anaibzala ndi mtima wabwino.

M'Africa muno mtengowu unalowa ku Ghana m'caka ca 1969, poyesa ngati ungathandize kupanga pepala. Unathawa m'munda woyesera, ndipo moto wa m'thengo ndi kutema nkhalango zinautsegulira njira, pakuti ukonda malo oyera kumene dzuwa lifika pansi. Alimi a kumeneko alimbana nao m'minda yao. Ku Uganda wadzaza mbali zina za nkhalango za Mabira ndi Budongo, makamaka pamene panali patalimidwa kale.

Nanga bwanji anthu a pa zisumbu za Pacific anakhala nao zaka mazanamazana osadandaula? Pa zisumbu zambiri anatengerako mitengo ya mtundu umodzi, yaikazi yokha, ndipo popanda mungu panalibe mbeu. Ndiponso sanali kuulekerera: anauoka mothithikana, nathyola nthambi za m'mbali kuti tsinde liongoke ndi khungwa lisabooke, naudula usanathe zaka ziwiri. Kumene yamphongo ndi yaikazi ikhala pamodzi yosadulidwa, mbalame ndi mileme zidya zipatso ndi kufesa mbeu kutali, m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje kumene palibe woyang'anira.

Kwa wofuna kuubzala, ndi kwa woupeza pakhomo

Kuumeretsa sikubvuta, ndipo bvuto lace liri pomwepo. Kanthambi kozikidwa m'dothi mvula itayamba kagwira. Kacidutswa ka muzu kotsala m'nthaka kaphuka. Sufuna manyowa, ndipo ukakhazikika upirira cirimwe. Mizu yace iturutsa ana patali ndi tsinde, ndipo mwini akautema ndi nkhwangwa, citsa ndi mizu ziyankha ndi mphukira zambiri koposa kale. Pa malo akuru a ku Kabulonga mwina munthu angaone ngati ncinthu cacing'ono. Koma pa nyumba zoyandikana za ku Kabwata, kumene mpanda umodzi ulekanitsa mabanja awiri, ana a mtengowo adzaturukira m'dimba la mnansi ndi m'mbali mwa mipope ya madzi, ndipo mlandu udzayambira pamenepo. Kumudzi nkoopsa koposa, cifukwa kuseri kwa nyumba kuli munda, ndi kuseri kwa munda kuli dambo la mudzi wonse. Anthu a ku Livingstone aona kale nchito imene lantana, duwa lobwera kudzakometsa mipanda, wawapatsa m'nkhalango ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya.

Cifukwa cace wofuna zipatso, mthunzi wa pabwalo kapena masamba odyetsa mbuzi ndi akalulu, atenge nthambi ya mabulosi enieni pa mtengo umene waona ndi maso ace ukubala, aizike mvula yoyamba itagwa, patali ndi khoma ndi citsime. Wogula mbande pa mseu ayambe watembenuza tsamba ndi kulisisita. Ndipo wakupeza mtengo waubweyawu utamera kale pakhomo pace auzule ukali waung'ono, nthaka iri yonyowa, atsate muzu uli wonse ndi khasu, aumike mizuyo padzuwa ndi kuitentha, osaitaya kudzala. Ngati uli waukuru, afunse alangizi a zankhalango a m'boma lace asanaugwetse. Ndipo atatha kuugwetsa ayendere malowo mwezi ndi mwezi, nazule mphukira iri yonse, kufikira padutsa dzinja lathunthu osaturuka kanthu.